Tsiku Limene Chimbudzi Chathu Chinapita ku Limbe

Masiku ano akuchipatala akakuuzani kuti mubwere ndi chimbudzi, ngakhale mwana amadziwa chimene akufuna. Ndiye mukamamva nkhaniyi musatiseke kwambiri ayi. Nthawi imeneyo nkhondo ya Jeremani inali itangotha kumene, njanji ya ku Limbe ikadali yonyezimira, ndipo kwathu chimbudzi chinali chimbudzi basi: mitengo, udzu, chitseko ndi dzenje.

Ine ndine Felicia wa ku Chimwankhunda. Chimwankhunda wake si uyu mukumuonayu, anali timanyumba ta udzu ta anthu olawirira kukagwira ntchito kwa azungu ndi amwenye m'tauni. Amuna anga a Fabiano anabwera kudzakhala kwathu chikamwini ali mwamuna wa dzitho, woti akagwira khasu nthaka inkachita kudandaula. Chaka choyamba chomwecho, akapitawo a zaukhondo atayamba kuyenda m'makomo kuopseza anthu, a Fabiano anatimangira chimbudzi. Chimbudzi chake, abale! Mpanda wa tsekera wolukidwa mothina, kadenga kozungulira, chitseko cha bango chotseka ndi chingwe. Amayi anga a Ursula ankayamba akachionetsa kwa mlendo asanamupatse ndi madzi akumwa omwe.

Kenako a Fabiano anawatenga kunkhondo kukasenza katundu. Anabwerako amoyo, tinathokoza Mulungu, tinabereka mwana wathu Joan. Koma munthu anayamba kutha pang'onopang'ono. Kufakitale ya fodya ku Limbe anawachotsa atawapeza akugona pamwamba pa belo la fodya dzuwa likuswa mtengo. Kumunda akalima mzere umodzi ankakhala pansi n'kumapuma ngati akwera phiri la Soche. Choipa koposa, anayamba kudya dothi la pachulu, dothi limene timadya ife azimayi tikakhala ndi pakati. Ndinawapezerera tsiku lina akutafuna kuseri kwa nkhokwe, ndinalira.

Tsono mudziwe mwambo wake. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankayang'anizana kumaso. Akakumana panjira, wina ankalowa patchire. Amayi ndi a Fabiano anakhala pakhomo limodzi zaka zonsezo, koma amayi ankangodziwa msana wa munthuyo ndi zidendene zake. Kulankhulana mwachindunji ndiye ayi. Koma amayi anga sanali munthu woti mwambo ungawatseke pakamwa. Anapeza nkhoswe yawoyawo, tambala wathu wofiira.

"Iwe tambala," ankatero amayi akusesa pabwalo, mawu akumveka mpaka kwa aneba. "Ukulira chiyani? Ukudzutsa yani? Pakhomo pano pali bwana, amadzuka nthawi ya azungu."

Kapena madzulo: "Tambala iwe, wamva? Akuti kuno mwamuna ndi amene ali ndi pakati. Tikonzeretu matewera."

A Fabiano ankamva zonsezi ali m'nyumba. Ine ndinkapsa mtima, koma ndikanamenyana ndi yani, tambala?

Mpaka tsiku lina amayi anamusiya tambala n'kundiitana ineyo. "Felicia, ndatumiza mawu kwa atsibweni ako. Lamulungu likubwerali afika ndi ankhoswe. Timutulutsire mphasa yake ndi khasu lake panja, azipita kwawo. Sindingamadyetse mlesi ine."

"Amayi, munthuyu akudwala."

"Akudwala pati? Chilonda chili kuti? Akutsokomola? Nanga chakudya akuchisiya? Matenda osankha khasu okhaokha ine sindinawaonepo."

 Chilonda panalibedi. Koma ine amuna anga ndinkawafuna, ndipo ndikunena mosabisa: akanawathamangitsa, sakanafika kwawo ku Chiradzulu ndi miyendo imeneyo.

Amene anandiuza za diso anali Alima, mnzanga wogulitsa zitumbuwa pasiteshoni ya sitima. "Kuseri kwa sitolo ya Ramesh ku Limbe amishoni aikako diso la mkuwa," anatero. "Limaona zimene zili m'kati mwa munthu. Mwenyeyo wapereka ulere chipinda chimene ankasungiramo mchere. Ukakhala ndi dzira upereka dzira, ukapanda upereka zikomo. Anatsegulira ife amphawi, poti kwa dokotala wa m'tauni n'kwa anthu ovala nsapato."

Ndinatenga dzira, ndinatenga mwamuna, ulendo.

Woyang'anira disolo anali a Wilkins, munthu wakuda ngati ife tomwe, wophunzira za mankhwala kumishoni, mkulu wa mpingo, kolala yoyera mbee. Munthu wabwino, sindikana. Koma ulemu wawo unali wopyola muyeso. A Wilkins akaponda ndowe ankati aponda "zosayenera." Tsiku limenelo m'chipindamo munali azimayi a kutchalitchi kwawo, amene ankabwera kudzasesa ndi kutsuka timagalasi. Ine ndinatsala pakhonde ndi Joan, choncho zimene zinalankhulidwa m'katimo ndinazimva pambuyo pake, kwa eni ake onse awiri.

A Wilkins anawayang'ana a Fabiano m'maso ndi m'manja, anawabaya chala, anaika kadontho ka magazi pansi pa diso lija. Malungo sanawapeze. Ndiye anasuzumira azimayi aja, anatsokomola, n'kuwerama kukhutu kwa a Fabiano.

"Mawa m'mamawa mubwere ndi chimbudzi chanu."

"Chimbudzi, achikulire?"

"Tsitsani mawu. Inde. Chanu chenicheni, osati cha mnzanu. Ena amatibweretsera cha anzawo chifukwa cha manyazi."

"Changa ndithu, ndinachita kuvutikira ndekha."

"Chabwino, chabwino, zimenezo musafotokoze."

"Chonse, achikulire?"

"Ayi, chimene mungathe. Koma mukulunge bwino, anthu asaone panjira. Tikachiona, tidziwa chimene chikukudyani."

Panjira pobwerera ndinawafunsa. "Bambo a Joan, akuti chiyani?"

"Akuti ndibwerenso mawa."

"Basi?"

"Basi." Anangoyenda chogwetsa nkhope. Mwamuna akakhala ndi manyazi, ndi bwino ukanakwatiwa ndi mwala.

M'mawa mwake ndinadzuka pamphasa palibe munthu. Ndinati alawirira poopa dzuwa, ndinatenga mtsuko kupita kuchitsime. Ndikubwerera, ndinamva mfuu yoti ndinayesa kwagwa maliro.

"Mayo ine! Akuba! Anthuni, akuba!"

Dzulo lake amayi anali atadya kalongonda wambiri kwa anzawo achilomwe, ndipo amene anadyapo kalongonda wosawiritsa bwino akudziwa nkhani yake. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amayi anamva m'mimba, anathamanga, koma chitseko panalibe. Mpanda panalibe. Denga panalibe. Panali dzenje lokha likuwayang'ana, ndi aneba onse atatuluka m'nyumba zawo kudzaona.

"Ndani amaba chimbudzi?" amayi ankakuwa atagwira pamimba. "Dziko latha! Anthu asiya mbuzi, akuba zimbudzi!"

Mayi wina anati waona mkamwini wathu kukucha atasenza chinthu chachikulu, akulowera njira ya ku Limbe. Amayi anatembenukira kwa tambala. "Wamva iwe? Wamva? Khasu limamulemera, koma chimbudzi changa chamupepukira! Akukagulitsa kwa amwenye! Lamulungu latalika, achoka lero lomwe!"

Anamanga nsalu m'chiuno, liwiro. Ine ndinabereka Joan, pambuyo pawo.

Kusochera kunali kosatheka, tsekera anali atayoyoka njira yonse. Aliyense amene tinakumana naye anali ndi nkhani. Bambo wina wa nkhuni anati, "Mukufuna kanyumba koyenda kokha? Kadutsa apa, kakumayenda pang'ono n'kukhala pansi." Kumunsi kwa Soche azimayi ena anali atataya mitsuko poyesa chilombo cha kudambwe. Amayi ankatukwana akuthamanga, kenako mwadzidzidzi n'kuti, "Tandidikira," n'kulowa patchire. Akatulukamo ankapitiriza kutukwana pomwe anasiyira.

Ine kuseka ndinkafuna, koma mantha ndiwo anandigwira. Malo amene udzu unagwa wambiri ndimo munthu anagwa. Ndipo tikuyandikira Limbe malo oterowo ankachuluka.

Tinafika kuseri kwa sitolo ya Ramesh dzuwa litakwera. Anthu anali atadzaza bwalo: odwala, amtengatenga a pasiteshoni, Alima ndi dengu lake, Ramesh mwiniwake ataima pakhomo atagwira mutu. Amati mutu umodzi susenza denga, koma ine tsiku limenelo ndinauona mutu umodzi utalisenza. Denga linali pansi pakati pa bwalo, chitseko pambali, mpanda utakulungidwa bwinobwino ngati mphasa n'kumangidwa ndi luzi, monga a Wilkins analamulira. A Fabiano anali atatsamira mtolowo, miyendo ili tambalale, chifuwa chikukwera n'kutsika. A Wilkins anali chiimire pakhonde, kukamwa kuli yasa.

"Ndabwera nacho, achikulire," a Fabiano ankatero ndi mawu otha mphamvu. "Ndi changa chenicheni. Pepani, dzenje lokha ndi limene landikanika."

Bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Wina anachita kugubuduka pafumbi. Ine ndinagwada pambali pa amuna anga, thupi lawo linali lozizira ngati mtsuko, thukuta lili kamukamu.

Amayi, ngakhale mkwiyo unali utawafika m'khosi, mwambo sanauiwale. Anatembenuka kupereka msana kwa mkamwini wawo. Tambala panalibe, ndiye analankhula ndi mtengo wa mango umene unali pabwalopo.

"Iwe mango! Umufunse wakubayo, amugula zingati?"

"Mayi," a Wilkins anatero akutsika pakhonde, "palibe wagulitsa kanthu. Pali kusamvana pang'ono. Ine ndinawauza bambowa kuti abwere ndi chimbudzi."

"Inuyo? Mulibe chanu?"

"Ayi mayi, sindinkanena nyumbayi. Ndinkanena... zam'katimo."

"Zam'kati ziti? Muli chikuni chotsekera padzenje basi."

"Ayi, zimene munthu... akapita... zimene amasiya." Kolala ija inayamba kunyowa. Azimayi a kutchalitchi anali atatsamira pawindo, makutu ali tcheru. "Zotsala za chakudya, titero. Zakuthengo."

Amayi anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Bambo inu, mukunena manyi?"

A Wilkins anatsinzina. "Ndi... ndi zomwezo, mayi."

"Asa! Ndiye osangonena bwanji? Ndavutika njira yonse kuchokera ku Chimwankhunda, tchire lililonse likundidziwa dzina, chifukwa bambo wamkulu ndi ndevu zake akuopa mawu? Mukanati mundiuze ine, ndikanakusungirani, lero ndinali nawo ambiri!"

Apo ndiye ngakhale Ramesh analowa m'sitolo kukasekera m'kati.

Koma vuto linali lisanathe. Chimene a Wilkins ankafuna chinali chisanapezeke, ndipo pamalopo panalibe pobisala, kumbuyo njanji, kutsogolo msewu. A Fabiano analibe mphamvu zoyenda kukafuna tchire. A Wilkins anabweretsa kachitini, anayang'ana uku ndi uku, kenako maso awo anagwera pamtolo uja.

Tinaumasula mpandawo, tinauimika mozungulira pakona pa bwalo. Mizati panalibe, unafunika anthu ougwira. Ine ndinagwira mbali imodzi, Alima ina, koma unkagwabe.

"Amayi, tagwirani uko."

"Ine? Ndigwirire mkamwini chimbudzi? Felicia, wapenga?"

"Ndiye chigwe, tsekera wanu athyoke."

Anagwira. Anagwira chopereka msana, nkhope ili kumwamba, akuuza mango kuti chibadwire sanaonepo zoterezi, ndipo akafa asadzawaikire nyimbo chifukwa anyozeka kale.

Kachitini kanalowa m'chipinda. Tinadikira pakhonde, a Fabiano atagona pamiyendo panga. Patapita nthawi a Wilkins anatuluka, ulemu wonse utabwereramo.

"Mayi, talowani mudzaone nokha."

Amayi analowa monyinyirika, ine pambuyo. Diso lija linali kachitsulo ka mkuwa koima pathebulo pafupi ndi windo, kagalasi kali pansi pake. A Wilkins anawaonetsa potsinzina diso limodzi. Amayi anawerama, anadzuka, anasuzumira kunsi kwa thebulo ngati wina wabisalako, n'kuweramanso.

"Ndikuona timazira."

"Ndi timazira ndithu."

"Ta yani?"

"Ta njoka zing'onozing'ono za m'matumbo. Zimalowera kumapazi munthu akaponda dothi loipa, zikafika m'mimba zimaluma matumbo n'kumayamwa magazi usana ndi usiku. Bambowa ali nazo zosawerengeka. Chakudya chimene mumawapatsa chimathera kwa izo. N'chifukwa chake amafooka, n'chifukwa chake amalakalaka dothi. Mankhwala alipo, owawa koma amachiza."

Amayi anaimirira n'kupukusa mutu. Kugonja sikunali m'magazi mwawo. "Kagalasi kangathe kunama. Mwina ulesi nawonso umaikira mazira."

"Ndiye musakhulupirire galasi," a Wilkins anatero. "Tiyeni panja mukawayang'ane m'maso."

"Ndiwayang'ane m'maso akamwini? Kwanu mumatero?"

Tinatuluka, amayi ali chammbali ngati nkhanu, nsalu ataikokera kumaso. A Wilkins anagwada, anakoka chikope cha a Fabiano ndi chala. A Fabiano nawo, ofooka chotero, ankayesa kutembenuzira nkhope kukhoma kupereka ulemu. Pamenepo mtima wanga unaphulika.

"Amayi, ayang'aneni! Mwalankhula ndi tambala, mwalankhula ndi mango, mwaitana atsibweni, koma munthu mukufuna kumuthamangitsayu simunamuonepo! Wasenza denga kuchokera ku Chimwankhunda, akugwa akudzuka, kuti asachoke pakhomo panu. Mlesi amatero? Ayang'aneni, mwambo ukakulumani ndikakulipirirani ine!"

 Ndinali ndisanawakalipirepo amayi pagulu chibadwire.

Anatsitsa nsalu ija pang'onopang'ono. Anayang'ana.

M'kati mwa chikope, mmene mwa munthu wamoyo mumakhala mofiira, munali moyera ngati ufa. Milomo yotuwa, masaya otupa, tsitsi lofiirira lonyozoloka. Amayi nkhope imene ankaidziwa inali ya tsiku la ukwati, imene anaiba ndi diso limodzi kuseri kwa chitseko, ya mnyamata wakuda bii wonenepa. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo, anatenga dzanja la a Fabiano, analitembenuza, anaona chikhatho choyera chija chitachekekachekeka ndi luzi.

"Kalanga ine," anatero motsitsa. "Mwana wa eni ake anali kufera pakhomo panga, ine ndikuyang'ana msana."

A Fabiano anayesa kubweza dzanja. "Pepani amayi, chimbudzi ndikamanganso."

"Khalani chete inu," amayi anatero. Aka kanali koyamba kuwalankhula mwachindunji, ndipo anayamba ndi kuwakalipira. "Mukamanga ndi magazi ati?"

Amuna anga anamwa mankhwala m'mawa mwake pomwepo, atagona kwa Alima osadya kanthu, ndipo anali onunkha moti a Fabiano anati bola denga. A Wilkins anawauza kuti abwerenso akapezako mphamvu, ndipo pofotokoza choti abwere nacho anatchula mawu ake enieni, mokweza, thukuta likutsika, azimayi a kutchalitchi akuyang'ana pansi. Dzira lachiwiri anakana, anati chiseko cha dzulo chalipira kale.

Pobwerera kumudzi amtengatenga awiri a pasiteshoni anatisenzera denga ndi mpanda, anati akufuna akaone dzenje lotchukalo. Chitseko anasenza amayi pamutu pawo. A Fabiano ankayenda patsogolo chimanjamanja, ndi ndodo, ndipo akaima tonse tinkaima.

Lamulungu atsibweni anafika ndi ankhoswe, nkhope zili zomanga monga amachitira anthu obwera kudzathetsa banja. Anapeza mphasa ya a Fabiano ili panjadi, koma pamthunzi, mwiniwake atagonapo, Joan akuseweretsa ndodo yawo. Amayi anali kuseri akumanga mpanda wa chimbudzi okha, luzi lili kukamwa.

"Achemwali," atsibweni anatero, "tabwera pa nkhani ija."

"Nkhani iti? Gwirani mzati uwo, mwaima ngati alendo bwanji?"

Anagwira mizati mpaka masana, ankhoswe ndi majekete awo. Pa nthawi ya chakudya ndinamva fungo la nkhuku, ndinadabwa, chifukwa amayi nkhuku ankapha pa Khirisimasi pokha. Ndinayang'ana pabwalo, tambala wofiira uja sindinamuone.

"Amayi, tambala ali kuti?"

"Ntchito yake inatha," anatero.

Anapatula chiwindi ndi ntchafu zonse ziwiri, anathira msuzi wambiri, anadutsa atsibweni ndi ankhoswe amene anali atasamba kale m'manja. Anakagwada pamphasa paja, anaika mbale pansi, n'kuwayang'ana a Fabiano kumaso.

"Idyani, mwana wanga. Ndikhala pompano mpaka mumalize."